Chipolopolo chikuthamanga bwanji?

Nkhani ya lero itichotsa pakhomo n'kutifikitsa ku mabwalo oombera chandamale a ku South Africa ndi ku America, kumene kuli alenje ndi anthu ampikisano amene sakhutira ndi zipolopolo za m'shopu. Iwowa amadzaza okha zipolopolo zawo kunyumba, pathebulo, sikelo ili pambali. Ndineneretu pachiyambi pomwe: kuno kwathu mfuti ndi nkhani ya chiphaso cha apolisi, ndipo wopezeka ndi gogodela m'tchire amakagona m'chitokosi. Choncho musayembekezere kuti ndikuphunzitsani kadzazidwe ka chipolopolo, ayi. Chimene ndakutengerani ndi funso limene limawasowetsa tulo anthu amenewa: kodi chipolopolo ndadzazachi chikutuluka m'mfuti pa liwiro lanji, nanga ndigule makina ati oti andiuze zoona?

Ku South Africa, lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limalola munthu amene ali ndi chiphaso kudzaza yekha zipolopolo za mfuti yakeyo. Abale athu amene ali ku Joni, makamaka ogwira ntchito m'mafamu a nyama zakutchire ku Limpopo, mwina anaonapo bwana akuwerama n'kumatola zigoba za mkuwa pansi akatha kuwombera. Zigobazo sizitayidwa. Amakazitsuka, kusintha kachitsulo koyatsira onga, kuyeza onga watsopano pasikelo, kenako n'kukhomerapo mutu wina. Ena amatero pofuna kupulumutsa ndalama, koma ambiri amafuna chipolopolo chomvana ndi mfuti yawo yeniyeniyo, poti mfuti ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi tsiku limodzi siziwombera mofanana.

Ndiye wina afunsa: kodi liwirolo silinalembedwe kale pabokosi ndi m'mabuku a makampani opanga onga? Linalembedwadi. Tengani .308 Winchester, imene alenje ambiri a nswala ndi ngoma amaikonda. Mutu wake ukakhala wolemera magalamu pafupifupi 10, pabokosi la m'fakitale mupezapo liwiro la mamita pafupifupi 860 pa sekondi, kapena mafiti 2,820 m'kawerengedwe ka ku America. Kumeneko ndi kuthamanga makilomita oposa 3,000 pa ola. Vuto ndi lakuti nambala imeneyo anaiyezera pa mpope wa ku fakitale, kawirikawiri wa mainchesi 24. Mfuti ya mlenje ikhoza kukhala ndi mpope wa mainchesi 20 kapena 22, ndipo inchi iliyonse imene yachoka imadya mamita 6 mpaka 9 pa sekondi, nthawi zina kuposerapo. Onjezanipo kutha kwa mpope, mtundu wa chigoba, ndi nyengo ya tsikulo. Nambala ya m'buku ndi ya mfuti ya eni, osati yanu.

Koma kwa ine, chifukwa chachikulu chokhalira ndi makina amenewa, amene amatchedwa chronograph, ndi chitetezo. Onga ukayaka m'kati mwa mfuti, pulesha imakwera moopsa. Bungwe la CIP, limene limaona za chitetezo cha mfuti ndi zipolopolo m'mayiko ambiri a ku Ulaya, linaika malire a .308 Winchester pa mabar 4,150. Mafakitale ali ndi mipope yapadera yoyezera pulesha imeneyi. Munthu wapathebulo la kunyumba alibe. Chimene angathe kuyeza ndi liwiro basi, ndipo liwiro ndi mboni ya pulesha, poti chokankha chipolopolo ndi pulesha yomweyo. Buku likanena kuti onga wakutiwakuti, pa mlingo wake womaliza, umapereka mamita 850, inu n'kupeza 880 musanafike n'komwe pa mlingowo, musavine kuti mwatola mfuti yamwayi. Mwadutsa malire. Zizindikiro zina zimene anthu amadalira, monga kachitsulo koyatsira kaja kuphwatalala, kapena chotsekera mfuti kulimba potsegula, nthawi zambiri zimaonekera madzi atafika kale m'khosi.

Funso la liwiroli si ladzulo. Mu 1742, Mngelezi wina dzina lake Benjamin Robins anafalitsa njira yake: ankawombera chithabwa cholemera chopachikidwa molendewera, n'kuona kutalika kwa mmene chapendekekera. Podziwa kulemera kwa chithabwa ndi kwa chipolopolo, masamu ankamuuza liwiro, ndipo ndi iyeyo anaonetsa kuti mpweya umabweza chipolopolo kwambiri kuposa mmene akatswiri a nthawiyo ankaganizira. Mu 1864 msilikali wa ku Belgium, Paul-Émile Le Boulengé, anabwera ndi nzeru ina. Chipolopolo chinkadula waya woyamba wamagetsi, ndodo yachitsulo imene inagwidwa ndi maginito n'kuyamba kugwa. Chikadula waya wachiwiri kutsogolo, kandodo kena kankagwa n'kukhethemula mpeni, mpeniwo n'kucheka chizindikiro pa ndodo yoyamba ija ili m'kati mogwa. Pamene mpeni wachekapo ndi pamene pankanena nthawi. Mtunda wodziwika, nthawi yoyezedwa: makina ambiri mpaka lero amayendera nzeru yomweyo.

Amene anafikitsa ntchitoyi m'manja mwa anthu wamba ndi makina oyendera kuwala. Ndi kabokosi kokhala ndi maso awiri oyang'ana kumwamba, otalikirana futi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chipolopolo chikadutsa pamwamba pa diso loyamba, mthunzi wake umayambitsa wotchi, chikadutsa lachiwiri wotchi imaima. Pa futi imodzi, amene ndi masentimita 30, chipolopolo cha mamita 900 pa sekondi chimangotenga gawo limodzi mwa magawo 3,000 a sekondi. Mayina odziwika ndi Shooting Chrony ya ku Canada, ProChrono ndi Caldwell, ndipo mtengo wake ku America wakhala ukuzungulira madola 100 mpaka 150.

Otsika mtengo, inde, koma ali ndi makhalidwe ake. Muyenera kuwaimika pa miyendo itatu, mamita 3 kapena 4 kutsogolo kwa mfuti, apo ayi mphepo ndi utsi wa kukamwa kwa mfuti ziwasokoneza. Pa bwalo la anthu ambiri, ndiye kuti mupemphe onse asiye kuwombera kuti inu mupite kutsogolo. Mubwerere, musuzumire, mupeze kuti apendekeka, mupemphenso. Pofika kachitatu anzanu ayamba kukuyang'anani ndi diso la nkhwezule. Dzuwa likapendeka chakumadzulo, kapena mtambo ukadutsa, manambala amasintha kapena amasowa kumene. M'nyumba ya magetsi a machubu aja amene amaphethira mwachangu, maso a makinawa amaona zipolopolo zimene kulibe. Ndipo popeza mtunda wa pakati pa maso awiriwo ndi waufupi, kulakwitsa pang'ono kumakula. Shooting Chrony imapindika pakati, ndiye mukapanda kuitambasula mpaka mapeto, maso aja amayandikana. Akayandikana ndi mamilimita atatu okha, liwiro limanamizidwa ndi gawo limodzi pa 100 alionse, amene ndi mamita pafupifupi 9 pa sekondi.

Palinso ngozi ina imene anthu a m'mabwalowa amasekana nayo, poti ndi ochepa amene sinawagwere. Galasi loyang'anira limakhala pamwamba pa mpope ndi masentimita 4 kapena 5. Munthu amasuzumira m'galasi, n'kuona kuti mpata wa pakati pa timitengo ta makina uli mbee. Waiwala kuti chipolopolo chituluka m'munsi mwa pamene diso lake likuona. Akhethemula mfuti, kabokosi kaja phwaa, mabatire uko, mapulasitiki uko. Madola 120 apita ndi chipolopolo chimodzi.

Ndisanachoke pa makina a kuwala, nditchule Ken Oehler wa ku Austin, m'chigawo cha Texas, amene anayamba kupanga makinawa m'ma 1960. Makina ake otchedwa 35P ali ndi maso atatu m'malo mwa awiri. Amayeza chipolopolo chimodzi kawiri, n'kusindikiza manambala onse awiri papepala, ndipo akasiyana kwambiri amaika chizindikiro choti nambala iyi musaikhulupirire. Makina odziwa kuvomereza kuti apa ndakayika ndi osowa, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri anthu akafuna kuyesa makina ena ankawayerekeza ndi a Oehler. Kungoti kuwayala kwake ndi ntchito ya m'mawa wonse.

Mtundu wachiwiri ndi MagnetoSpeed, nawonso a ku Texas. Awa amamangiriridwa ndi lamba pa mpope weniweniwo, n'kutulukira kutsogolo, m'munsi mwa njira ya chipolopolo. M'kati mwake muli maginito, ndipo chipolopolo chikadutsa chimasokoneza mphamvu ya maginitoyo pamalo awiri. Dzuwa alibe nalo ntchito, mdima alibe nawo ntchito, ndipo simupita kutsogolo kukawaimika. Manambala ake ndi odalirika. Chilema chake ndi chimodzi koma chachikulu. Mpope wa mfuti umanjenjemera chipolopolo chikamadutsamo, ndipo mukaupachika katundu kunsonga, kanjenjemeredwe kake kamasintha. Zipolopolo zimakagwa pamalo ena pa chandamale. Ndiye munthu amene akufuna kudziwa zinthu ziwiri, liwiro komanso mmene zipolopolo zikuunjikanira, amawombera kawiri: gulu lina makina ali pampope, gulu lina atawachotsa. Onga ndi mitu zimatha mowirikiza, mpope nawo ukutha.

Mtundu wachitatu ndi wa radar. Inu oyendetsa galimoto pa M1 mukuadziwa bwino makina amene apolisi apamsewu amakulozani nawo mukathamanga. Ena mwa makina otere amatumiza mafunde a wailesi, mafundewo n'kugunda galimoto n'kubwerera atasintha pang'ono molingana ndi liwiro lake. Kusintha kumeneku anakufotokoza ndi Christian Doppler wa ku Austria mu 1842. Cha m'ma 2015, kampani ya ku Canada yotchedwa Infinition inatulutsa LabRadar, bokosi la mtundu wa lalanje limene limakhala pambali pa mfuti, osati kutsogolo, osakhudzanso mpope. Limatsatira chipolopolo kwa mamita makumi angapo n'kupereka liwiro pamalo osiyanasiyana. Linasintha zinthu kwambiri, koma nalonso linali ndi nthumanzi zake. Linkafuna kulozetsedwa bwino pa chandamale, linkameza mabatire moti anthu ankalilumikiza ku pawabanki, ndipo linkadalira kumva kulira kwa mfuti kuti liyambe ntchito. Mfuti yokhala ndi chochepetsa phokoso, zimene alenje a ku South Africa amagwiritsa ntchito kwambiri, nthawi zina silinkaimva, pamene mfuti ya mnzanu wapambali linkaimva bwino lomwe.

Kumapeto kwa 2023, kampani ya Garmin, imene ambiri timaidziwa ndi mawotchi ndi zida za GPS, inatulutsa Xero C1 Pro pa mtengo wa madola 600. Ndi kanthu kolowa m'thumba la jekete. Mumakakhazika pathebulo pambali pa mpope, kutsala pang'ono kufika kukamwa kwa mfuti, kuyang'ana kumene mukuwombera, basi. Sikadikira phokoso, kamaona kokha chipolopolo chikamachoka. Kamayeza kuyambira mafiti 100 mpaka 5,000 pa sekondi, kutanthauza kuti muvi wa uta, mfuti ya mpweya ndi mfuti yaikulu, zonse kamakwanitsa. Kamangopereka liwiro la potulukira, osati la kutsogolo monga LabRadar yoyamba ija, koma anthu ambiri ankafuna lomwelo. Posakhalitsa makampani ena anatulutsa tawo tating'onoting'ono, ndipo makina akale ambiri anayamba kugulitsidwa ngati kaunjika.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa mtima wa nkhani yanga uli pano. Anthu akamakangana za makinawa amafunsa kuti olondola kwambiri ndi ati. Ine ndikuti funso limenelo ndi laling'ono. MagnetoSpeed yomangidwa bwino, radar yolozetsedwa bwino ndi Oehler yoyalidwa bwino zimasiyana pang'ono kwambiri. Chimene chimanamiza anthu ndi kuchepa kwa zipolopolo zimene ayeza.

Makina onsewa amaonetsa manambala atatu. Pali avareji. Pali ES, kusiyana kwa chipolopolo chothamangitsitsa ndi chochedwetsetsa. Ndiye pali SD, imene imanena mmene zipolopolo zonse zamwazikira kuzungulira avareji ija. Tiyerekeze kuti munthu wadzaza zipolopolo zambiri mofanana, ndipo SD yake yeniyeni ndi mamita 5 pa sekondi. Masamu amatiuza kuti akatengapo zitatu n'kuwombera, ES idzakhala cha m'ma 8. Akawombera 10, idzakhala cha m'ma 15. Akawombera 30, idzafika cha m'ma 20. Zipolopolo ndi zomwezo, mfuti ndi yomweyo, palibe chasintha. ES siingatsike mukamawonjezera zipolopolo, imangokwera kapena kuima. Ndiye mukaona munthu pa Facebook akuonetsa chithunzi cha ES ya mamita awiri, yambani mwafunsa kuti anawombera zingati. Akati zitatu, muyamikireni mwaulemu n'kupitiriza ulendo wanu. Pa zitatu, mwayi wokha ukhoza kupereka nambala yokongola, ndipo munthu amataya miyezi akuthamangitsa mlingo wa onga umene unangomuseka tsiku limodzi.

Kuti SD inene zomveka pamafunika zipolopolo 20 kapena 30. Ndani angayeze zochuluka chonchi ndi makina ofuna kuimitsa bwalo lonse ndi kudikira dzuwa? Amayeza zisanu, n'kupinda makina, n'kukawaika pamwamba pa kabati mpaka chaka chamawa. Koma kanthu kongokhazika pathebulo kamayeza chipolopolo chilichonse chimene mwawombera, pa mpikisano, poyeserera, m'mawa kukuzizira, masana kukutentha. Pakutha miyezi itatu muli ndi manambala mazana, popanda chipolopolo chimodzi chowomberedwa chifukwa choyeza chabe. Apa ndi pamene radar yaing'ono yapambanira. Sikuti ndi yanzeru kuposa anzake. Yachotsa ulesi pakati pa munthu ndi kuyeza.

Kodi ndiye kuti aliyense atulutse madola 600? Ayi ndithu. Zimatengera mtunda umene mumawombera. Zipolopolo ziwiri za .308 zikasiyana ndi mamita 15 pa sekondi, pa mtunda wa mamita 200 zidzagwa motalikirana sentimita imodzi kapena masentimita awiri. Nswala siingadziwe kusiyana kwake. Pa mamita 900, kusiyana komweko kumafika pafupifupi theka la mita, ndipo wampikisano waphonya chandamale. Choncho amene amawombera kutali, kapena amene amasinthasintha onga ndi mitu chaka chonse, radar yaing'ono idzamubwezera ndalama yake m'zipolopolo zimene sanawononge. Koma mlenje wa m'tchire lowirira la Limpopo, amene amadzaza zipolopolo 40 pa chaka n'kupha nyama zake pa mamita 80 kapena 150, akungofuna kudziwa ziwiri: kuti sanadutse malire a buku, ndi kuti liwiro lake likukwanira kuti mutu ugwire ntchito bwino m'nyama. Makina a kuwala a madola 120, pa tsiku la mitambo yofanana, amukwanira. Ngakhale kusonkherana anthu anayi n'kugula amodzi ndi nzeru. MagnetoSpeed ndingaipereke kwa munthu amene amawombera m'nyumba kapena madzulo, amene sadandaula kuyeza liwiro padera.

Pali nthawi ziwiri zimene ngakhale mlenje wa zipolopolo 40 uja sayenera kuchita ulesi. Yoyamba ndi posintha onga. Kwa zaka zambiri odzaza zipolopolo a ku South Africa ankadalira onga wa dziko lawo lomwelo, wa Somchem, wa mayina ngati S335, S355 ndi S365. Mu September 2018 fakitale ya Rheinmetall Denel Munition kufupi ndi Somerset West inaphulika, anthu asanu ndi atatu n'kumwalira. M'zaka zotsatira onga wa Somchem unkasowa m'mashopu, ndipo anthu ambiri anasamukira ku onga wakunja, monga Vihtavuori wa ku Finland ndi Hodgdon wa ku America. Onga uliwonse uli ndi kayakidwe kake, ndipo mlingo wa wina sungakopedwe kwa unzake. Ngakhale zitini ziwiri za dzina limodzi, zopangidwa nthawi zosiyana, zimatha kusiyana. Chitini chatsopano chikatsegulidwa, makina atuluke.

Yachiwiri ndi kutentha. Onga wotentha umayaka mwachangu, pulesha n'kukwera. Angelezi anaphunzira zimenezi kuno ku Africa ndi ku India ndi onga wawo wa cordite, umene unapangidwa mu 1889. N'chifukwa chake zipolopolo zimene anapangira alenje a njati ndi njovu, monga .416 Rigby ya 1911, zili ndi zigoba zikuluzikulu koma pulesha yotsika: ankasiya mpata woti dzuwa likawonjezere. Onga wamakono wambiri umapirira kutentha kuposa cordite, koma vutolo silinatheretu. Nyengo yosaka ku South Africa imagwa m'miyezi yozizira, ndipo munthu wa ku Johannesburg akhoza kukonza zipolopolo zake m'mawa wa mu June, chisanu chili mbuu pa udzu. Zipolopolo zomwezo akapita nazo ku chigwa cha Luangwa kapena cha Zambezi mu October, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, bokosi n'kukhala padzuwa m'galimoto theka la tsiku, sizikhalanso zomwe anayeza zija. Ngakhale pabwalo pomwe, chipolopolo chimene chakhala mphindi imodzi m'mfuti yotentha chimatuluka mothamanga kuposa zinzake, ndipo makina amaonetsa.

Odziwa ntchitoyi amakhala ndi kabuku. Pambali pa liwiro lililonse amalembapo tsiku, kutentha kwa nthawiyo, nambala ya pachitini cha onga, ndi zipolopolo zimene mpopewo wadutsitsa kale, poti mpope watsopano umayamba kuthamangitsa zipolopolo pang'ono ukatha kuwombera makumi angapo oyamba. Akagula makina atsopano amawakhazika pambali pa a mnzawo n'kuwombera zipolopolo 10 kuti onse awiri aziyeze pamodzi. Akasiyana ndi mamita awiri kapena atatu pa sekondi, sadandaula. Akasiyana ndi 15, amayamba aona kaimikidwe ka makina onse awiri asanakhudze sikelo ya onga.